Mphaka wa pa Khomo Lachinayi

Sendererani kuno, utsi ukupita uko. Izi si za padangokhala ayi, musavutike n'kuyankha kuti tilitonse. Zinachitika chaka chatha, mwezi wa Okutobala, pa mdadada wa Anangondo kuseri kwa chigayo, ndipo mapewa angawa sanaiwalebe.

Tinkakhala khomo lachinayi, ine ndi amayi basi. Mdadada wake ndi wa makomo asanu ndi limodzi, bafa imodzi, chingwe choyanikira chimodzi, ndiye mukudziwa kuti pamalo otero sungayetsemule osamveka. Amayi amagulitsa mandasi. Amadzuka tambala woyamba, kukanda, kukazinga, kenako kukaima pa depoti tsiku lonse mpaka miyendo kutupa. Akabwera madzulo salankhula zambiri. Amangoviika mapazi m'beseni la madzi ofunda, maso n'kutseka.

Mphakayo anabwera Lachiwiri. Wotuwa ngati phulusa, woonda, khutu limodzi long'ambika. Sanalire, sanapemphe kanthu. Anangokhala pa sitepe ya khomo lathu, nkhope kuloza chitseko, monga amachitira munthu amene wagogoda kale ndipo akudikira kuti amutsegulire.

"Choka apa!" anatero amayi, akumuwaza madzi otsukira mbale.

Anasuntha pang'ono. Madzi atauma, anabwerera pomwepo.

Malemu agogo anga anandizoloweza ndagi, moti mpaka lero chinthu chikandizunguza mutu chimasanduka ndagi chokha. Ndikusesa m'mawa wa Lachinayi ndinangopezeka ndikunena chamumtima: ndili ndi mlendo, mpando wakana, madzi wakana, kutsanzikanso wakana. Yankho ndinalibe.

Kenako tinthu tinayamba kusowa. Supuni ya tiyi. Machesi. Kapu yathu yachitsulo tinkaipeza pawindo, pomwe tonse awiri sitiika kapu pawindo. M'nyumba munkamveka fungo la fodya wachingambwe, ife osasuta. Ndipo mbandakucha, amayi akamakanda, panja pankamveka munthu akutsokomola. Kawiri, kupuma, kenako kamodzi. Ukatsegula, mphaka yekha.

"Mwamva, amayi?"

"Ndamva mafuta akupserera. Patse chipande."

Sabata yomweyo mwana wa pa khomo lachiwiri, Pemphero, wa miyezi isanu ndi itatu, anayamba kutentha thupi. Kuchipatala anamuyeza malungo, sanamupeze nawo. Mankhwala ankamwa, koma thupi osazizira. Ndiye anthu anayamba kulumikiza zinthu. Ndikafika pa mjigo, macheza ankangoti zii.

Tsiku lina amayi akuchokera ku depoti, amake Pemphero anali pa chingwe, akuyanika matewera.

"Ena amaweta nkhuku," anatero mokweza, "ena amaweta mbuzi. Koma ena, aaa, ziweto zawo sizidya n'komwe."

"Mukunena ndani, amake Pemphero?"

"Ndatchula dzina ine? Ndikucheza ndi matewera angawa. Ndikuwauza kuti pali anthu mandasi awo amatha tsiku ndi tsiku, anzawo akubwerera nawo kunyumba."

Amayi anangolowa m'nyumba, kulumpha mphaka uja ngati akulumpha chithaphwi.

Lachisanu Anangondo, eni mdadada, anatiitana pa khonde pawo. Ndi mayi achikulire, ojintcha, oyendera ndodo.

"Amake Mwandida, ine ndilibe nanu mlandu," anatero. "Koma makomo asanu abwera kuno. Akuti mphakayo akafika Loweruka la sabata yamawa ali pomwepo, mwina asamuke iwo, mwina musamuke inu. Pakati pa makomo asanu ndi khomo limodzi, musandifunse kuti ndasankha ndani."

"Si wathu, mayi."

"Ndiye akhaliranji pa khomo panu pokha?"

Kopita tinalibenso. Kwawo kwa abambo anatilanda zonse maliro atangotha, ndipo kwawo kwa amayi nyumba inagwa ndi mvula zaka zitatu zapitazo. Kachipinda kaja ndi kokhako kamene tinali nako pansi pa thambo.

Kupha mphaka sitikanayerekeza. Kwathu amati wopha mphaka manja amamunjenjemera mpaka ukalamba. Chomwe chinatsala ndi kumukola n'kukamutaya kutali, monga amachitira aliyense. Ndinabwereka dengu lalikulu la tomato, kulivundikira, mbali imodzi kuitchinjiriza ndi kamtengo. Ku kamtengoko ndinamanga chingwe n'kuchidutsitsa pansi pa chitseko. Ine ndinkagona chafufumimba m'katimo, diso pa mpata, chingwe m'manja.

Ndinaika usipa. Sanauyang'ane. Ndinaika mutu wa mlamba, nyerere n'zomwe zinadyerera. Amayi anachita kugula kapaketi ka mkaka, ife eni ake tikumwa tiyi wosathira. Mkaka unasasa pansi pa dengu, mphaka ali phee, maso pa chitseko. Nthawi zina maso athu ankakumana pa mpata paja, ndipo woyamba kuphethira ndinkakhala ine.

Lamulungu masana, nditatopa, ndinatuluka ndikudya chinangwa chootcha. Kachidutswa kanagwa n'kugubuduzikira pansi pa dengu. Mphaka anadzuka. Anayenda pang'onopang'ono, ngati mafupa akumuwawa, kulowa pansi pa dengu, n'kukhala pambali pa chinangwacho. Ndinakankha kamtengo ndi phazi, dengu linagwa. Sanaphiriphithe, sanakande. Ndinangomva kutafuna.

"Mphaka anayamba liti kudya chinangwa?" ndinafunsa.

"Usandifunse za kusukulu," anatero amayi. "Bweretsa thumba."

Tinamuika m'thumba la fulawa, ndipo amayi anandilangiza momwe amatayira mphaka. "Usananyamuke ulizunguze thumbalo katatu. Powoloka mtsinje usalankhule, asadziwe kuti wawoloka. Ukafika ulizunguzenso, umasule, uthawe osacheuka. Akasokonezeka mutu sabwereranso."

Ndinachita zonse. Lolemba ndinakamusiya kum'mawa, kuseri kwa mauvuni a njerwa, ulendo wa maola awiri. Pobwerera ndinkaimba. Nditakhota pa chigayo ndinamuona ali pa sitepe, nkhope ku chitseko.

Lachiwiri amayi anandilipirira kabaza kuti ndikamutaye kutali zedi. Tisanafike n'komwe pa mphambano, tayala linaphulika. Wakabaza anamata, tinakwera, linaphulikanso.

"Asisi, mwanyamula chiyani m'thumbamu? Njerwa?"

"Mphaka."

Anandiyang'ana, anayang'ana thumba, kenako anatembenuza njinga yake n'kumapita akuikankha, osatsanzika. Ndinayenda wapansi mpaka ku minda ya fodya, kuzunguza thumba mpaka ineyo kuchita chizungulire, kumasula, kuthawa. Ndinafika kunyumba chisisira, miyendo yoyera ndi fumbi. Iye anali pa sitepe, mapazi ake opanda fumbi ndi pang'ono pomwe.

Amayi atafika sanakalipe. Anangokhala pansi padothi, beseni likadali pamutu. Ku khomo lachiwiri Pemphero ankalira kulira kotopa, kwa mwana amene mawu amuthera.

Lachitatu sindinathe kudzuka. Lachinayi ndinamukolanso ndi chinangwa, n'kulowera njira ya kumadzulo, yopita ku mapiri. Ndinafika pa mlatho wa Nanyungu dzuwa lili paliwombo. Msewu wonse unali zii, ngakhale mbalame. Pa chitsulo cha mlathowo panakhala mayi wina, wopanda katundu, wopanda ambulera. Nkhope yake ndikayesa kuikumbukira imandithawa. Ndimangokumbukira kuti kutentha konse kuja, iye sankachita thukuta.

"Waswera bwanji, mwanawe?"

Amayi anali atandiletsa kulankhula pa mtsinje. Koma munthu wamkulu akakupatsa moni ungangodutsa ngati mbuzi?

"Ndaswera bwino, kaya inu, mayi?"

Analoza thumba ndi chibwano. "Awowo wawauza kuti pano ndi pati?"

"Ndi mphaka, mayi."

"Sindinafunse kuti ndi ndani. Ndati wawauza?"

Ndinapukusa mutu.

"Mumangowazunguza, kuwazunguza. Wosokonezeka mutu amabwerera pa khomo lomwe akulidziwa, apitenso kuti? Bwerera, ukafunse eni nyumba kuti pa khomopo anachokapo bwanji."

Ndinafuna kufunsa zambiri, koma mayiyo anali atatembenukira kale ku madzi, ngati wathana nane. Ndinabwerera ndi thumba langa losamasula.

Madzulo amenewo ine ndi amayi tinapeza Anangondo akupeta mpunga. Nditawafotokozera za pa mlatho, lichero linaima. Nditatchula za chinangwa, analiika pansi.

"A Likongwe," anatero chapansipansi.

"Ndani ameneyo?" anafunsa amayi.

"Mlonda wa pa chigayo. Zaka khumi ndi ziwiri pa khomo lanulo, inu musanabwere. Fodya ndi chinangwa chootcha, ndicho chinali chakudya chawo. Anamwalirira m'menemo. Abale awo ali kwa Nkhwazi, kuseri kwa mapiriwo, ndiye anzawo a pa chigayo anapeza lole yowatengera kwawo. Mwambo mukuudziwa. Maliro akamapita kwawo, wamkulu amene ali pa galimoto amawauza mtsinje uliwonse, kuti pano ndi pakuti, tikuwoloka, kuopa kuti angatsale m'njira. Wamkulu pa lole ija ndinali ine."

"Ndiye?"

"Ndinali nditachezera pa siwa masiku awiri. Anandikweza kutsogolo, pa mpando wofewa. Ndinagona, amake Mwandida. Ndinadzidzimuka tili kale kwa Nkhwazi, anthu akulira. Mitsinje itatu yonse, pakamwa panga ine pali yasa! Sindinauzepo munthu."

"Masiku onsewa mumadziwa," anatero amayi, "n'kumafuna kutithamangitsa?"

"Ndimaganizira. Kuganizira si kudziwa. Ndipo ndikanatani? Miyendo iyi ingafike kwa Nkhwazi? Chokwera mwaona nokha kuti sakuchifuna." Anatolanso lichero lawo. "Nanyungu, Kankhande, Namaona. Musaphonye. Koma Loweruka likadali Loweruka. Anthu aja sindingawauze izi."

Amayi anati apita okha. Koma Lachisanu mbandakucha mapazi awo anakana kulowa mu nsapato. Anayesa kawiri, kenako anandipatsa mandasi anayi m'pepala n'kundipindira nkhata.

"Usalizunguze," anatero.

Ponyamuka thumba linali lopepuka, la mphaka woonda basi. Pa mlatho wa Nanyungu panalibe munthu. Ndinaliika pansi, kugwada, manyazi akundigwira ngakhale ndinali ndekha.

"A Likongwe, ndine Mwandida. Tikupita kwanu kwa Nkhwazi. Pano ndi pa Nanyungu. Tikuwoloka."

M'thumba munamveka kutsokomola. Kawiri, kupuma, kenako kamodzi. Nditati ndinyamule, dzanja limodzi silinakwanire. Ndinachita kusenza pamutu.

Kuchokera pamenepo njira ndi yokwera. Ndinakumana ndi bambo wina pa njinga, atanyamula makala. Ali chapatali anatsika, kuvula chipewa, n'kuima pambali pa msewu mpaka nditadutsa. Nditacheuka ndinamuona akuyang'ana chipewa chake m'manja, ngati akudzifunsa kuti wachivuliranji.

Kankhande unali utauma. Amayi atatu ankafukula mchenga kufuna madzi, akuseka nkhani zawo. Nditagwada n'kunena mawu aja, kuseka kunatha. Mmodzi anakokera mwana wake kumbuyo n'kumuphimba kumaso ndi chitenje. Wamkulu wa iwo anangobwera, kugwira thumba mbali imodzi, n'kundisenzetsa. Anabuula polikweza. Kenako anakasamba m'manja ndi timadzi tomwe anavutikira kufukula.

Tsopano khosi linkalowa m'mapewa. Thumba linali lomwe lija, kukula kwake komwe kuja, koma linkalemera ngati ndasenza chimanga chonyowa. Ndinkayenda mapazi makumi awiri n'kuima. Maganizo anayamba kuuluka, monga amandichitira m'kalasi. Ndinkaganiza za madzi ozizira, za mvula yoyamba, za nyumba yathuyathu ya malata yomwe ndidzawamangire amayi, ya sitepe yopanda wokhalapo. Ndili m'malotomo ndinazindikira kuti ndikuyenda mofulumira, khosi lawongoka. Ndinagwira pamutu. Thumba linali lopanda kanthu, chingwe chake chili chimangire.

Ndinaima pakati pa njira, misozi ili chuchuchu. Ndiye kuti ndikapeza ali pa sitepe, mawa n'kukhala Loweruka. Ndinayang'ana pansi, ndinaona kuti patapata zanga zanyowa. Ndinabwerera m'mbuyo. Sipanali patali, panali kakhwawa kakang'ono, timadzi toyenderera pa miyala, toti mwana angalumphe. Ndinali nditakadutsa osakaona. Tsidya linalo, pa mwala, mphaka anali atakhala, akuyang'ana timadzito.

Ndinawoloka, kugwada, kumasula thumba.

"Pepani, a Likongwe. Kakhwawa aka Anangondo sanandiuze. Dzina lake sindikulidziwa, koma ndi madzi ndithu. Tikuwoloka."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analowa m'thumba yekha.

Za pa Namaona sindikumbukira zambiri. Ndikudziwa kuti ndinanena mawu aja, ndikudziwanso kuti kusenza kunakanika. Ndinamangira thumba kumsana ndi chitenje, ndipo mtunda wotsala ndinauyenda chowerama, manja nthawi zina akugwira pansi. Kumsanako ndinkamva kupuma, kotalika, osati kwa mphaka.

Kwa Nkhwazi ndinafika dzuwa litapendeka. Mayi wina wotola nkhuni anandilozera nkhalango ya kumanda, n'kuchoka mofulumira. Mwana wamkazi salowa kumanda yekha, ndiye ndinaima m'mphepete, pomwe mthunzi wa mitengo umayambira. Ndinatsitsa thumba, kumasula chingwe, n'kutembenuka kupereka msana.

"A Likongwe, mwafika. Kuno ndi kwanu."

Kenako masamba ouma anayamba kulira kumbuyo kwanga. Tswa. Tswa. Tswa. Ndinamvetsera bwinobwino. Anali mapazi awiri, osati anayi, oyenda mosafulumira. Anapita akuchepa mpaka mphepo yokha n'kutsala. Ndinapapasa kumbuyo, kutola thumba, n'kumapita osacheuka.

Mandasi aja ndinadyera m'njira, onse anayi. Ndinafika pa mlatho wa Nanyungu kukuchita chisisira, ndipo mayi uja anali pamalo pake pomwe paja.

"Wawafikitsa?"

"Eya, mayi."

"Wachita bwino. Uli ndi mawu omveka, sudumpha madzi. Masiku ano malole amangothamanga, anthu ali pa foni, ena ali mtulo. Ukanadziwa kuchuluka kwa otsala m'misewu muno." Anapukusa mutu. "Paja umakhala pati, mwanawe?"

Ndinali nditatopa, anzanga. Ndipo anandilera kuti wamkulu akafunsa, uziyankha.

"Pa mdadada wa Anangondo, kuseri kwa chigayo. Khomo lachinayi."

"Khomo lachinayi," anabwereza, ngati akusunga. "Pita bwino."

Kunyumba sitepe inali yokhayokha. Loweruka linafika, linapita. Pemphero anayamba kuyamwa, kaya ndi mankhwala aja, kaya n'chiyani. Lolemba amake anabwera kudzapempha moto, maso ali pansi, ndipo amayi anawapatsa. Anangondo anangotiuza podutsa kuti nkhani ija yatha, tikhale. Fungo la fodya linachoka m'nyumba. Ine ndinagona masiku atatu, mapewa atatupa, amayi akundithowa ndi madzi otentha.

Lachinayi, tambala woyamba atalira, ndinamva amayi akutsegula chitseko kuti akatenge makala. Sindinamve akutuluka. Ndinadzutsa mutu. Anali ataima pakhomo, mbaula m'manja, osasuntha.

Pa sitepe panali mphaka. Wina. Wamawanga ofiira, wamng'ono, mchira wodukira pakati. Anakhala mwaulemu, nkhope kuloza chitseko.

Amayi anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere. Makomo onse asanu anali otseka, anthu akadali mtulo. Anausa moyo, kuika mbaula pansi, n'kulankhula monong'ona osandiyang'ana.

"Mwandida, dzuka. Tenga thumba anthu asanadzuke."

"Koma amayi, awa ndi a kuti?"

"Ukafunsa pa mlatho."